Kompyuta Imene Inkadikira Amayi

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi mwendo ukupepukako, koma dzanja lija likadali lolemera monga munalisiyira. Pa foni paja mutafunsa ngati amayi akumvetserabe nyimbo za malemu abambo, ndinati netiweki ikuvuta. Netiweki inali bwinobwino, achemwali. Ndi manyazi amene anandiletsa kukuyankhani, n'chifukwa chake lero ndatenga cholembera.

Mukukumbukira mmene abambo anaikonzera kompyuta yawo ija. Mbali imodzi Windows, ya tonsefe. Mbali ina Linux, kumene anasungako mawu awo akuimba ndi kuwerenga masalimo. Ukaiyatsa pankabwera mizere iwiri yoti usankhepo, ndipo wachiwiriwo anausintha okha kuti uziti, "Mayi a ana, dinani apa." M'mawa uliwonse amayi ankakhala pampando wapawindo, n'kutsitsa chala pang'onopang'ono mpaka kudina, abambo n'kuyamba kuimba pabalaza.

Ndiye ine, amene munanditcha Injiniya, ndinafuna kuikamo Linux ina imene tikuphunzira ku koleji. Ndinaona kuti malo alimo, basi, osafunsa munthu. Paja ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ntchito ili mkati inaima, ndipo nditayatsanso, mizere ija panalibe. Mdima bii, timawu takuti "grub rescue" pakona, ndi kamzere kakuphethira ngati kakundinyogodola. Ndinayesa zonse zimene ndinapeza pa intaneti, thukuta lili kamukamu, koma ayi ndithu.

Amayi ndinawanamiza kuti magetsi ndiwo aiwononga. Anangoti, "Zinthu zimatha, mwanangu," n'kuivundikira ndi kansalu. M'mawa mwake ndinawapeza ali pampando paja, manja pamiyendo, akuyang'ana kansaluko. Ndinatulukira khomo lakuseri.

Ndinainyamula kupita nayo kwa a Chipewa, okonza makompyuta aja amene anayandikana ndi sitolo ya nsapato. Anabaya fulashi yawo, nayatsira kompyutayo kuchokera pa fulashipo, n'kundionetsa nyimbo zonse zili phee m'malo mwake.

"Pumani, achimwene, katundu alimo yense," anatero. "Chawonongeka n'kapulogalamu kamene kamayamba kudzuka n'kukufunsani kuti mulowa mbali iti. Linux yanuyi inalemba pamwamba pake, iyo osamaliza."

Anakabwezeretsa, mizere n'kubwera itatu, woyamba wa Linux yanga ija, yonse m'Chingerezi. Ndinawapempha andionetse posinthira dzina, ndipo mawu a abambo aja ndinawalembanso ndi zala zangazi. Mtima unkandiuza kuti ndikubera siginecha ya munthu amene ali m'manda, koma ndinalembabe.

Kunyumba ndinati, "Amayi, yachira. Ili monga kale."

Anachotsa kansalu kaja okha. Atawerenga mzere uja anamwetulira, nayamba kutsitsa chala. Chala chisanafike, kompyuta inalumphira mbali yanga. Ndinazimitsa, tinayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu sanayese n'komwe, anabweza dzanja pamwendo.

"Awa si abambo ako," anatero.

"Mawu ake ndi omwewo, amayi."

"Mawu ndi omwewo, inde. Koma abambo ako ankandidikira. Ndinkatha kunyamuka kukamwa mankhwala, pobwera n'kuwapeza alipobe. Uyu ndi wothamanga ngati iwe."

Achemwali, kodi inu munkadziwa? Kapulogalamu kaja kamawerenga masekondi ochepa, ukachedwa n'kukusankhira. Amayi atadwala sitiroko, abambo anachotsa kuwerengako mwakachetechete, osauza aliyense. Ine ndinakopera mawu awo, koma chimenechi sindinachione, chifukwa pamoyo wanga sindinadikirepo kuti ndione ngati kompyutayo imadikira.

Ndinagwada n'kuulula zonse, za magetsi zomwe. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangofunsa kuti, "Ndiye walemba apayu ndiwe?" Nditavomera, anagwedeza mutu n'kulowa kuchipinda. Ndinapepesa pakhomo, koma paja pepani sapoletsa chilonda.

Nditabwerera nayo, a Chipewa anachotsa kuwerenga kuja, nane ndinawauza afufutiretu mbali yanga. Za ku koleji ndizichitira kwa anzanga. Tsopano imadikira monga kale. Koma amayi sanaikhudzebe. Amandiphikira, amandiyankha bwinobwino, amakhala pampando paja, kungoti maso awo amakhala pawindo. M'nyumba muno mulibenso nyimbo, ndipo amene ndinaithamangitsa ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawaimbira amayi Lamulungu musandipepesere ayi, mlanduwu ndi wanga. Mungowauza kuti mwasowa mawu a abambo, akuyatsireniko mumvere pa foni. Ine ndikhoza kudina m'malo mwawo, koma mzerewo si wanga. Mwina chifukwa cha inu adzatsitsa chala.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amalume awo asiya uinjiniya. Amayi akupereka moni. Ali pomwe pano pampando wawo pamene ndikulembamu. Kompyuta ndaiyatsa mamawa. Pano dzuwa lafika pakhonde, mzere uja ukadali pomwepo, sunathawe. Nane ndakhala pansi pambali pawo, ndikuphunzira kudikira.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba muno