Namasupuni wa M'ndowa

Kampu ya mlatho,
Msewu wa ku Kazuni,
Rumphi.

Achemwali anga a Dinah,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, mtima ndi umene sukukhazikika. Ndikanaimba foni, koma netiweki kuno timaipeza pachulu chimodzi chokha, ndipo pachulupo sipasowa makutu. Ndiye ndapatsira dalaivala amene akubwera ku Liwonde mawa.

Ntchito yanga mukuidziwa pang'ono. Kampani imene ikumanga mlathowu inasainira kuti sidzabweretsa chomera chachilendo m'dera lino, poti tili pafupi ndi nkhalango ya Vwaza. Ine ndimakhala pageti ndi payipi ya madzi, kutsuka matayala, mapampu ndi nsapato za aliyense wochokera kutali. Chilichonse chimene ndachotsa ndimayenera kuchiwotcha. Madalaivala amati ndimawachedwetsa, mpaka anandipatsa dzina loti Wapolisi wa Matope.

Anthu a kuno ndi aulemu, sindinganame. Amandipatsa moni, ine n'kuyankha kuti yewo, nkhani n'kuthera pomwepo. Akayamba kuseka m'Chitumbuka ndimangosekerera ngati ndamva. Loweruka onse amapita kwawo, ine n'kutsala ndi anyani. Ndimasungulumwa, achemwali, kuposa mmene ndinkakuuzirani.

Mu Seputembala kunabwera pampu yaikulu kuchokera kwathu komweko. Ndikuitsuka, ndinapeza kachitsamba ka namasupuni katakanirira m'sefa, kakadali kamoyo. Namasupuni yemwe uja amatseka doko la alamu, amene malemu bambo ankamutukwana m'mawa uliwonse akamakankha bwato. Ndinakanunkhiza, ndipo kananunkha Shire. Moto unali pomwepo, koma ine ndinakaika m'thumba.

Ndinakasunga m'ndowa kuseri kwa nyumba yanga. Ndinkati sabata imodzi yokha. Kanaberekana mpaka tizitsamba tisanu ndi tiwiri, ndipo mwezi watha kunatuluka duwa lija tinkathyola tili ana. Ndikaweruka ndinkadyera pambali pa ndowayo. Musaseke, masiku ena ndinkalankhula nayo.

Lachiwiri masana kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu, ine ndili kugeti. Pobwerera ndinapeza ndowa yasefukira, madzi atsetserekera m'ngalande yopita kumtsinje. Ndinawerenga kanayi konse. Tizitsamba tinatsala tisanu ndi kamodzi.

Inu mukudziwa chimene kachitsamba kamodzi kamachita kakapeza madzi odikha. Anthu a kuno sanamuonepo namasupuni atatseka mtsinje. Pamenepa azimayi amatungapo, ng'ombe zimamwapo, ndipo kumunsi kuli mvuu. Ndinafunafuna ndekha masiku awiri osauza munthu. Lachinayi ndinapita kwa Mayi Ida, amene amayang'anira za chilengedwe pakampani pano. Ndi omwewo anandilemba ntchito, nditadzitama kuti namasupuni ndingamuzindikire ngakhale ndili m'tulo.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifunsa chifukwa chake. Kenako anati mosakaniza ndi Chitumbuka, “A Limbikani, geti lija tinakupatsani imwe chifukwa ndimwe nokha mukumumanya namasupuni. Sono mwamutsegulira ndimwe.”

Anati ayenera kulemba lipoti kwa akuluakulu a kampani ndi kwa oyang'anira nkhalango, ndipo za ntchito yanga ndidzamva Lolemba. Totsala tija anandiuza kuti ndiwotche ndekha iwo akuona. Namasupuni wamuwisi sapsa msanga, choncho tinaima pamotopo nthawi yaitali.

Panopa ndikuyenda m'mphepete mwa mtsinje ndi a Walusungu, amene amayendetsa thirakitala. Iwo tsidya lino, ine tsidya linalo. Ndinawajambulira tsamba lake pamchenga kuti adziwe chimene akufuna. Chikhalireni kuno anali asanandifunsepo kanthu, koma dzulo anandigawira chinangwa n'kufunsa ngati n'zoona kuti kwathu bwato limakanika kudutsa chifukwa cha udzu. Nditawafotokozera anangoti, “Sono tiyeni tiyende,” n'kuimirira chinangwa chisanathe.

Pempho langa ndi limodzi. Mundifunsire alamu, poti iwo ndi munthu wa pamadzi. Kachitsamba kakang'ono kakatengedwa ndi madzi a mvula, kamakonda kukodwa pati? M'mabango, pokhotera mtsinje, kapena pansi pa mitengo yogwa? Nanga pamapita masiku angati kasanayambe kuberekana? Yankho munditumizire pafoni, ndikalipeza pachulu paja. Amayi musawauze kaye, ndidzawauza ndekha ndikadziwa pamene ndaima.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a ku Ulongwe, ndi kwa ana onse. Aphwanga muwauze kuti nsapato zija sindinaiwale.

Kaya andichotsa Lolemba kaya andisiya, sindikwera basi ndisanakapeze kachitsamba kaja. Ndikakapeza ndidzakawotcha ndi manja angawa, ngakhale kuti m'Rumphi monse muno kochokera kwathu ndi kokhako.

Tsalani bwino, ndine mlongo wanu wakutali,

Limbikani