Injini Yakale Ikufuna Woyendetsa

14 Meyi

Okondedwa ana anga,

Akulemba ndi amayi anu, ine ndikungoyankhula, ndipo ndawauza kuti asachotsepo kanthu.

Iwe chisamba wanga, lero ndiwe namwino wamkulu. Iwe Mapazi, amene unkatha nsapato pamwezi, uli ndi shopu yako ya nsapato. Ndipo iwe Namwaye, mzime wanga, amene unkabwera kuchokera kushedi ya sitima uli bii, ukuyendetsa sitima ya magetsi. Amayi anu akuti zimenezi mukuzidziwa kale. Alembe basi.

Nkhani ndi iyi. Injini yamalasha ija imachita dzimbiri kuseri kwa siteshoni aikonza, ndipo akufuna iyende kamodzi anthu aione. Achinyamata anayesa kusonkha moto, koma anaunjika malasha pakati, utsi wokhawokha. Mkulu wa siteshoni anabwera yekha pakhomo. Ndinamuuza kuti malasha amawaza pang'onopang'ono, kuyambira m'makona. Anati, "Bambo, fosholo ndi yanu. Nanga woyendetsa timupeza kuti?" Anzanga oyendetsa onse aja anamwalira.

Namwaye, ndinatchula iwe, ndisanakufunse.

Ndikudziwa zimene ndinanena tsiku unabweretsa mapepala a ntchito: kuti injini si ya akazi, kuti ya magetsi ndi chidole. Papita zaka zisanu ndi chimodzi ukungolembera amayi ako okha. Zoona zake n'zakuti ndinathira malasha zaka makumi atatu osakhalapo pampando wa woyendetsa, chifukwa buku la malamulo sindinkatha kuliwerenga. Iwe unaliwerenga miyezi itatu. Zinandipweteka, ndipo ndinalakwa. Amayi ako andifunsa ngati alembe kawiri. Ndati kamodzi kakwana.

Mkuluyo akuti ufike kutatsala sabata, amakaniko akuzoloweretse zogwirira zake. Pa injini pali lamulo: woyendetsa akaona nyali kutsogolo amanena, wamalasha n'kubwereza mawu ake, osatsutsa. Maso anga saonanso patali, koma makutu ali bwino. Ukadzati "Njira yatseguka," ine ndidzati "Yatseguka."

Fosholo ndainola kale. Chipewa changa chakale amayi ako achichapa, ndipo achichepetsa kumbuyo kuti chikukwane.

Injini inyamuka Loweruka pa 21 Juni, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Nonse mubwere ndi adzukulu, ngolo yoyamba ndi yathu. Moni kwa apongozi onse.

Ndine bambo wanu,
Wamalasha