Abambo Anayankhula M'malaputopu Makumi Awiri

Golomoti, Dedza
18 Febuluwale 2025

Okondedwa Achimwene Gidiyoni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mvula ikugwa ndipo mpunga ku Bwanje wabiriwira, koma ine mtima sunakhazikike chiyambire Lachisanu. Ngati mwaimirira, khalani pansi kaye.

Kusukulu kwathu tinalandira malaputopu ang'onoang'ono a ana, makumi awiri ndi imodzi. Anabwera ndi Chingerezi chokhachokha, ndipo chilichonse chinkafuna intaneti, pamene kuno netiweki timachita kuisaka pachulu. Ahedi athu, a Kumbukani, ananditumiza ku maphunziro kuboma, ndipo ndinabwerako ndikudzimva ukatswiri. Ntchito yake imayenda chonchi: umatenga laputopu imodzi, n'kuikamo pulogalamu yoiyendetsa imene wakonza wekha, pamodzi ndi mabuku ndi masamu a m'Chichewa. Kenako umakopera zonsezo pa fulashi, zimene amati imeji, n'kumathira m'malaputopu enawo. Imejiyo ili ngati chikombole cha njerwa. Chikapindika, njerwa zonse zimatuluka zopindika.

Ine ndi matama angawa ndinafuna kuti laputopu ikamayaka izilonjera ana. Ndinadzijambula pa foni ndikunena kuti, "Moni ana, tiyeni tiphunzire." Foni yangayi imasunga mawu ojambulidwa ndi manambala, osati mayina. Ndinasankha nambala imene ndinkayesa kuti ndi yomweyo, n'kuika. Laputopu imene ndinkakonzerapo inali yakufa sipika, choncho sindinamve kanthu. Makumi awiri enawo ndinawathira imodziimodzi, koma kuyesa sindinawayese. Sabata yonse kunali mitambo, sola sinkakoka, ndipo ahedi anati, "Amadamu, motowo tisungire alendo."

Lachisanu makolo anadzaza kalasi ya Sitandade 7. Amayi anakhala kutsogolo, atavala chitenje chatsopano, kudzaona zodabwitsa za mwana wawo. Ndinawerenga mpaka katatu, ana n'kudina mabatani.

Achimwene, amene anayankhula anali abambo athu.

Kunayamba kutsokomola kwawo kuja pa desiki lakutsogolo, kenako lina, kenako kalasi yonse, poti malaputopuwo sayaka nthawi imodzi. "Gidiyoni mwana wanga, ndine bambo ako. Zija ndinanena zija unali mkwiyo chabe. Bwera kumudzi, pakhomo pano ndi pako." Uku akumaliza, uko akuyamba. Munthu woti tinamuika m'manda zaka ziwiri zapitazo, n'kumaitana ngodya zonse za kalasi! Ana ena anatulukira pawindo. Mayi wina anakuwa kuti, "Mayo ine, mizimu!" Ine ndinangoti njo, fulashi ili m'manja.

Amayi sanakuwe. Ananyamuka, n'kukaima pa laputopu imodzi mpaka mawuwo atatha. Kenako anandiyang'ana.

"Tiyamike, mawu amenewa anajambulitsa liti bambo akowa?"

"Kuchipatala ku Mua, amayi. Kutatsala masiku atatu kuti atisiye."

"Ndiye mwanayo unam'tumizira?"

Makolo onse ankandiyang'ana.

Yankho lake ndi limene ndalembera kalatayi. Sindinakutumizireni. Abambo anandipempha, ine ndinalonjeza, koma mumtima munali moto. Inu munachoka osatsanzika, mpunga uli m'munda, mpaka abambo analumbira kuti musadzapondenso pakhomo. Wowakweza pa njinga kupita nawo ku Mua ndinali ine. Wowamwetsa phala ndi supuni ndinali ine. Ndiye pomaliza aziitana inu? Zinandiwawa, achimwene, sindinama. Ndinati nditumiza maliro akatha. Pamaliro simunabwere, ine n'kumauza anthu kuti, "Mwamuona munthu wosasamalayo?" Chonsecho ndinkadziwa bwinobwino kuti chakuletsani ndi lumbiro lija, ndipo mawu olimasula ali m'foni mwanga.

Mpaka pano sindikumvetsa kuti mwa manambala onse aja chala changa chinagwera bwanji pamenepo. Chimene ndinabisira mlongo wanga mmodzi, ndachilengeza ndekha kwa Golomoti yense. Kumsika anthu akumandisiyira njira.

Ahedi andiuza kuti ndikonze imeji ina sabata ino. Kufufuta n'kosavuta, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma amayi anakawapempha kuti laputopu imodzi isakhudzidwe mpaka inu mutabwera, ndipo ahedi analola. Dzulo pa buleki amayi anabwera kusukulu, anaiyatsitsa, anamvetsera, n'kubwerera osandiyang'ana. Chiyambire Lachisanu andiyankhula kamodzi kokha. Anati, "Umulembere ndi dzanja lako, osati pa foni. Ulembe zonse."

Ndalemba zonse. Mawuwo ndawaika pa kamemori khadi kamene ndamata pakona ya pepalali. A Peter a kuseri kwa tchalitchi akwera basi ya ku Joni mawa, ndiwo akupatsireni. Mukamvetsere muli nokha.

Amayi akupereka moni, akuti mpunga ucha mu Meyi ndipo chikwakwa chanu chikadali patsindwi. Azakhali nawonso akupereka moni. Abambo anapereka moni wawo kalekale, ine ndi amene ndinaukhalira. Wangawu sindikudziwa ngati muulandire, komabe ndaupereka.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike