Uthenga Umene Ndinatumizira A Kaliwo

Nsaru, Lilongwe
9 Okutobala 2023

Okondedwa achimwene a Cornelius,

Ndikudziwa kuti mayi akuuzani kale zoti komiti ya sukulu yandiitana Lachinayi, ndipo mukuda nkhawa kuti mwina ntchito yandithera. Nanenso sindikudziwa. Koma imvani kaye kwa ine.

Chibwerere makompyuta pasukulu pano, ndine ndimayang'anira netiweki, momwe timasungamo malikisi a ana ndi mayeso amene sanalembedwe. Katatu konse ndinasonkhanitsa aphunzitsi anzanga n'kuwafotokozera kuti mawu achinsinsi olowera m'menemo sapatsa munthu, ngakhale atakhala ndani. Onse ankavomera, ena mpaka kulemba m'kope.

Ndiye ndinafuna kuona ngati zinalowadi. Ndinagula simu yatsopano n'kulembera aliyense uthenga ngati ndine bwana wa kuofesi ya maphunziro: "Tumizani mawu anu achinsinsi msanga, tikukonza makina." Achimwene, pa anthu khumi, asanu ndi awiri anatumiza. Oyamba anali aphunzitsi aakulu, a Kaliwo, ndipo anawonjezera kuti, "Zikomo bwana, mupereke moni kuofesiko."

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinawerenga mayinawo pamsonkhano, onse ali pomwepo. A Kaliwo anaimirira nati, "Mayi Lucy, mwatiyesa ana a Fomu 1, eti? Bwana akapempha chinthu ine ndizimufunsa mafunso? Kodi kwanu anakulerani choncho?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Anthuwa sanaiwale phunziro ayi, anangoopa kuchita mwano. Ndikanayenera kuwakhazika awiriawiri, wina akhale bwana, wina azikana mwaulemu mpaka pakamwa pazolowere: "Pepani bwana, ndikuimbirani pa nambala imene ndimaidziwa." Ine m'malo mwake ndinachititsa manyazi munthu wamsinkhu wa bambo athu. Chiyambire tsikulo sandiyankha moni, ndipo alembera komiti kuti ndinanamizira kukhala bwana. Mlandu wotere ena anachotsedwa nawo ntchito.

Ndikupempheni kanthu kochepa. Mukhale pansi ndi alamu a Marita, inu mukhale bwana, iwo akukaneni, kenako musinthane. Mundiuze ngati mawuwo akutuluka kapena akukakamira pakhosi. Ndikufuna ndikaime pamaso pa komiti nditanyamula njira ina imene yayesedwapo, osati kupepesa kokha.

Moni kwa alamu ndi ana. Mayi musawauze kuti mabuku anga ndayamba kale kuwalongedza m'makatoni.

Ndine mlongo wanu,
Lucy