Kompyuta ya ku Ofesi Yachita Mdima

Chama Boma
13 Okutobala 1998

Achimwene a Abraham,

Muli bwanji ku Chipatako? Mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Ine kuno ndadzuka, koma mtima suli m'malo. Lero ndi tsiku lachinayi chakudya chikukana kulowa.

Mukudziwa kuti zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikulemba pa makina a taipi. Chaka chino ofesi yathu inalandira kompyuta, n'kuipereka m'manja mwanga. Timaifunditsa chitenje ngati khanda, kuyatsa kwake mpaka jenereta ilire.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Maso anga akutha. Zilembo za pasikirini ndimaziona ngati nyerere. Kunena sindinganene, chifukwa ino ndi nyengo yochotsa anthu ntchito, ndipo atsikana odziwa makompyuta ali mbwee m'matauni.

Lachisanu anzanga atapita kukadya, ndinatsegula pamene amasinthira maonekedwe a sikirini. Ndinapeza manambala, 640 ndi 480. Ine m'nzeru zanga ndinati nambala ikakula zilembo nazonso zikula, ndiye ndinakokera kachizindikiro kake mpaka kumapeto. Zilembo zinacheperatu! Mantha atandigwira ndinalowa pamndandanda wa makhadi a zithunzi, aja a m'kati mwa kompyuta otumiza chithunzi pasikirini, n'kusankha dzina lina limene linaoneka lamphamvu. Kompyutayo inandiuza kuti ndiizimitse n'kuyatsanso. Kuyambira pamenepo imangoonetsa mizere yothamanga, kenako mdima bii, chonsecho mkati ikulira bwinobwino.

Anzanga ena akuti ndi kutentha kwa m'chigwa muno. Koma ambiri akuloza chala a Chiza, amesenjala athu, poti ndiwo amaipukuta fumbi ndi kansalu konyowa. Dzulo mkuluyo anandifunsa, nkhope ili pansi, ngati madzi angalowedi pagalasi. Ndinangoti kaya. Achimwene, ndinadzida.

Abwana ali ku Lusaka, abwera pa 2 Novembala.

Pempho langa ndi limodzi. Inu mumagwira makompyuta kusukulu kwanuko. Ndinamva kuti pali batani limene munthu amadina ikamayaka, kuti chithunzi chibwerere. Ndi liti? Ndikadina nditani? Nanga khadiyo ndapsereza, kapena ingachire? Lembani chimodzichimodzi ngati mukuphunzitsa mwana wa Giredi 1, mupatse dalaivala amene wabweretsa kalatayi. Abwerera kuno Lachitatu la sabata ya mawa kudzera ku Lundazi. Chonde musachedwe, ndakugwirani mwendo.

Yankho likapanda kufika ndidzaulula ndekha. Sindingalole kuti a Chiza abwerere kumudzi kwawo ku Tembwe chifukwa cha maso anga. Koma ndikatero ntchito yanga yatha, manje ine ndi ana tidzalowera kuti?

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze. Moni kwa alamu anga a Maggie, kwa amalume, ndi kwa ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Eneless

Poyankhapo, lembani zilembo zikuluzikulu.