Ku Italiya amalemba mkazi mmodzi

Lachisanu, 2 Ogasiti

A Massamba afika kuchokera ku Italiya. Anenepa, mimba tuu, ndi nsapato zosongoka zimene zikungomira mumchenga wa kuno ku Louga. Masiku oyamba ndi anga poti ndine mkazi wamkulu, ndiye ndawaphikira mpunga wa nsomba wothira bwemba wambiri. Adya mpaka kunyambita zala. Ngone, mkazi mnzanga, anakhala chapatali akuyamwitsa kamwana kake, koma atavala ngati wa ku ukwati, mafuta onunkhira mpaka kukhitchini. Pa tsiku langa, anthuni!

Pa tiyi ndi pamene atulutsa nkhani. Akuti mapepala awo a unzika alowa, zaka zingapo zikubwerazi adzalumbira n'kukhala nzika ya mayiko awiri. Mapasipoti awiri, ya kuno osawalanda. Akuti mkazi akhoza kuwatsatira chaka chino, ndipo m'tsogolo nayenso adzalandira yake.

"Mkazi uti?" afunsa apongozi.

A M. auzira tiyi nthawi yaitali. "Kumeneko mitala salola, amayi. Amalemba mmodzi."

Ngone wayang'ana pansi. Ine ndayang'ana Ngone.

Loweruka, 3 Ogasiti

Ndawafunsa m'mawa tili awiri. Akuti, "Soda, tikambirana, ndangofika kumene." Tikambirana chiyani? Anandikwatira asanaionepo ndege ndi maso. Nyumba inoyi ndinaimirira ndine padzuwa kuyang'anira amisiri iwo ali kutali, bambo awo ndinawadwazika ndine mpaka kuwatseka maso. Mtsikanayu wabwera dzana, wapeza matailosi ali pansi kale. Ngati ali mmodzi, mmodziyo ndine. Palibe zokambirana apa.

Lolemba, 5 Ogasiti

Atuluka m'mawa awiriwo, akuti akukabayitsa mwana katemera. Ndinadabwa, katemera wanji wovalira mkanjo woyera?

Masana Khoudia, mnzanga wogulitsa mtedza pafupi ndi ofesi ya mzinda, wandiitana pampanda. "Iwe Soda, uli pano? Ndiye amuna ako amalembetsa ukwati ndi ndani kuofesi kuja? Ndawaona ndi maso angawa, mboni ziwiri, mpaka kujambulitsa."

Ukwati wanga unamangidwa kumzikiti basi, ngati wa amayi anga ndi wa aliyense mumsewu muno. Palibe anandifunsapo pepala. Lero pepala lili ndi Ngone, ndiye kwa azungu mkazi wa a Massamba ndi iyeyo. Ine kaya ndine chiyani.

Atabwera ndawafunsa ngati mwana analira pobayidwa.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Sindinadzuke. Adzionere okha.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Abwera kuchipinda ndi mawu otsekemera. "Mayi a Absa, iwe ndiwe mzati wa nyumba ino. Ukachoka, amayi awasamala ndani? Ngone ndi mwana, akaphunzira chilankhulo msanga, akagwira ntchito. Ulemu wonse uli kwa iwe."

Ndati, "Ulemuwo mupatseni iyeyo, ine mundipatse ndege."

Aseka ngati ndikunena nthabwala. Kenako ndi pamene chabwera chimene anadzera. Akufuna atengenso Absa, mwana wanga mmodzi yekhayo. Akuti mwana amene akukhala ndi bambo ake kumeneko pa nthawi yolumbira, ngati sanakwane zaka 18, amalandira unzika limodzi nawo. Absa ali ndi 15. Akapanda kupita chaka chino, mwayi wadutsa. Koma sangakwere ndege popanda ine mayi ake kukasaina ku ofesi ya maviza ku Dakar kuti ndavomera.

Ohoo. Ndiye dzanja langa ali nalo ntchito.

Ndati sindisaina. Atuluka akupukusa mutu. Ndikupita kukawasambitsa apongozi, iwo ali, "Bola wotsala ndiwe mwananga, Ngone amandikhula ngati akutsuka mphika." Onse akundiyamikira, onse akundisiya.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Tsiku lonse foni ya Ngone ikulankhula Chitaliyana pakhonde, iye akubwereza ngati mwana wa sitandade wani. Munthu woti polemba dzina lake amatulutsa lilime! Ine ndinafika sekondale, mawu amenewo ndikuwagwira ndili kukhitchini kuno, iye akanali kupunthwa.

Chandipweteka ndi china. Absa wakhala naye pamphasa pomwepo, akumukonza, akuseka mpaka kugwerana. Akumuluka tsitsi. Ndinamuitana kuti adzandisankhire mpunga, wayankha "ndikubwera amayi" osatembenuka n'komwe. Ndamumva akuti, "Amayi aang'ono, akuti kumeneko kuzizira kwake madzi amauma mumpopi, zoona?" Ngone: "Tidzagona bulangeti limodzi, usaope."

Bulangeti limodzi ndi mwana wanga. Mpunga ndasankha ndekha, ndipo ndauthira mchere wambiri dala.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ngone wabwera kuchipinda kwanga, wagwada pakhomo. Maso ofiira, kaya analiradi kaya anadzipaka anyezi.

"Akulu, sindinasankhe ine. Ndikuopa, sindinachokepo kuno, sindikudziwa aliyense kumeneko. Absa ndikamusunga ngati wobereka ndekha. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Ndati, "Malizitsa mwambiwo. Ukachenjera manja udya naye. Ukufuna wokulerera mwana waulere, iwe ukuyendayenda ndi mapasipoti awiri m'chikwama."

"Ayi akulu, Mulungu ndi mboni."

"Mboni unazipeza kale kuofesi kuja."

Wadzuka mwakachetechete. Ndimayembekeza kuti andiyankha mwano kuti tikangane bwinobwino, koma ayi. Ngakhale mkangano akundimana.

Lolemba, 12 Ogasiti

Khoudia wandinong'oneza kumsika. "Iwe ndiwe wopusa. Usakane, pita ku Dakar konko. Akakufunsa kuti ndiwe ndani, ungoti ndine mkazi wake wamkulu, winayu ndi wachiwiri. Basi! Azungu akangomva mitala, mapepala onse agwa. Sapita Ngone, ndipo amuna akowo unzika adzaumvera pawailesi."

Ndaseka koyamba sabata ino. Njira yonse yobwerera ndimaona nkhope ya Ngone akumasula masutikesi ake, akubwezera nsalu m'kabati imodzi imodzi. Zinandikoma, ndisaname.

Ndawauza a M. kuti ndasintha maganizo, ndipita. Andigwira manja onse awiri. Ngone waphika nkhuku.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Absa si mwana wopusitsika. Wandipeza ndikuchapa, wakhala pachidebe.

"Amayi, mwavomera msanga bwanji? Mayi Khoudia amakuuzani chiyani?"

"Za akuluakulu."

"Mukandikaniza, mundikanize chifukwa cha ine. Musandikanize chifukwa cha amayi aang'ono."

Ndinakweza dzanja, thovu likudontha. Sanathawe. Anangopitiriza. Akuti akufuna kuphunzira unamwino. Akuti akadzakhala ndi mapasipoti awiri adzabwera nthawi iliyonse imene ndamufuna, palibe womutsekereza chifukwa cha mapepala ngati mmene bambo ake analepherera kubwera ku maliro a agogo ake aamuna. "M'kalasi mwathu anyamata awiri anakwera bwato mozemba kulowera kwa azungu chaka chatha, amayi. Mpaka lero amayi awo amathamangira foni ikalira. Ine ndapeza njira ya pakhomo, mukufuna munditsekere?"

Ndatsitsa dzanja. Ndamuuza akatunge madzi.

Pano pokha ndinene. Si kuopa kuti akavutika. Ngone alibe nkhanza, ndikudziwa, ndipo zimenezo ndi zimene zikundidya. Ndi nsanje basi, yeniyeni, yotentha pachifuwa. Wanditengera mwamuna, wanditengera dzina, wanditengera ndege. Ndiye mwana wanga akadzadwala mutu kuzizira kumeneko, dzanja lomugwira pamphumi lidzakhala lake. Akadzakhoza mayeso, woyamba kumva adzakhala iyeyo, ine ndidzamva pafoni madzulo.

Loweruka, 17 Ogasiti

Mvula yagwa. Ngone anandianulira zovala zanga zisananyowe, wazipinda bwinobwino. Ndazichapanso.

Lolemba, 19 Ogasiti

Tanyamuka kusanache, tonse m'galimoto imodzi. Ngone kutsogolo ndi mwana, poti akuti amasanza kumbuyo. Chabwino. Mawu anga ndinali nawo okonzeka pansi pa lilime, ndimawabwereza njira yonse mpaka Dakar.

Kuofesi analowetsa atatu, ine, a M. ndi Absa. Ngone anatsala pabenchi panja. Wotifunsa anali mayi wa magalasi, waulemu ndithu. Anawerenga mapepala, anayang'ana Absa, kenako ine.

"Mayi, inu ndi ndani wawo bambowa?"

Ndisanatsegule pakamwa a M. alumphira. "Ndi mayi ake a mwanayu."

"Ndikufunsa iwowa, bambo. Pepala ili likuti mkazi wanu ndi Ngone."

"Eya, mkazi wanga ndi uyo ali panjayo."

Ananena osandiyang'ana. Thukuta likutsika m'khosi mwawo mpaka kunyowetsa kolala. Mayi uja anatembenukiranso kwa ine, cholembera m'mwamba. "Ndiye inu ndi bambowa muli pabanja, kapena ayi?"

Apa ndi pamene ndimadikira. Mawu ochepa chabe, onse atsale, tibwerere ku Louga ofanana. Ndinapuma mpweya. Pansi pa tebulo Absa anandigwira chala chaching'ono, chimodzi chokhacho, dzanja lake lozizira ngati madzi a mumtsuko. Sanafinye. Sanandiyang'ane.

Ndinadzimva ndikunena kuti, "Ayi. Tinasiyana kalekale."

Mayi uja analemba. Anandipatsa cholembera, ndinasaina dzina langa lonse, mosamala, kuti aone kuti ndinapita kusukulu.

Titatuluka Absa anathamangira pabenchi. "Amayi aang'ono, asaina! Asaina!" Anakumbatirana, akulira, kamwana kali pakati. Ine ndinaima ndi zikwama za anthu onse. Kenako anakumbuka, anabwera kudzandikumbatira nanenso, mwamphamvu ndithu. Koma ndinaona amene anayamba kukumbatiridwa.

Tafika kunyumba dzuwa likulowa. Ndangovula nsapato, ndamva kugogoda. A M. pakhomo la chipinda changa, nkhope yonse mano.

"Soda, mkazi wanga, lero wachita zazikulu. Mulungu akudalitse. Zijazi zinali za pakamwa chabe, ukudziwa."

Anayamba kulowa. Ndinaika dzanja pachitseko.

"Bambo, mwasochera. Mkazi wanu ndi uyo ali panjayo."

Anaseka pang'ono, akudikira kuti nanenso ndiseke. Ndatseka chitseko, ndakhoma. Aima pamenepo kanthawi ndithu, kenako ndawamva akuchoka.