Chithunzi cha amayi sichinatuluke

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Nsadzo tilipo, koma abambo sakudya bwino chiikireni maliro a amayi.

Paja amayi ankakana kujambulidwa ndi foni, ankalola kamera yakale ya abambo yokha. Amayi atayamba kufooka, abambo anafunda bulangeti kuti kuwala kusafike pa filimu, nakulungira filimu yotsala m'kachitini kamkuwa kolowetsa m'kameramo kaja, n'kuwajambula pakhonde atavala chitenje cha mpingo. Filimuyo tinapatsira woyendetsa lole ku Cassacatiza kuti akatsukitse ku Zambia.

Yabwera dzana, yakuda yonse. Wotsukayo akuti kachitseko ka kachitiniko kanachita dzimbiri, sikankatsekeka bwino, ndiye kuwala kunalowa. Abambo anaiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndinamva kuti kakulimba, koma ndinati kagwirabe ntchito." Tsopano amangokhalira kukapukuta ndi nthenga, pomwe filimu ina palibe.

Chonde fufuzani m'katundu wanu. Ngati muli ndi chithunzi chilichonse cha amayi, ngakhale chong'ambika, titumizireni msanga. Abambo akuti nkhope ya amayi yayamba kuwasokonekera m'maganizo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Rozina